Botolo Lachinayi

Lachiwiri, 17 Sepitembala

Andigoneka dzulo masana. Wodi ya amayi, bedi nambala 7, pafupi ndi zenera limene silitseguka. Kope ili ndi la ku labu. Ndalitembenuza, ndayambira kumbuyo, kuti za matenda zisasakanikirane ndi za ntchito.

Ndi siko selo yanga yomwe ija, matenda a magazi amene ndinabadwa nawo, koma ulendo uno ululu sukuyendayenda. Wakhazikika pa msongolo wa kumanzere. Kutentha kwa thupi 39.1. Mlingo wa magazi 6.4. Diripi ya madzi amchere, mofini pa maola anayi alionse. Amayi ndiwo akundidikirira.

Dzanja likukana. Ndilekeze apa.

Lachinayi, 19 Sepitembala

Dokotala Hamoonga abwera ndi chithunzi cha ekisire. Sichikuonetsa zambiri, koma mwendo watupa ndipo ukutentha ngati mbaula. Akuti tizilombo talowa m'fupa. Atenga magazi oti akayezedwe ku Lusaka. Ayamba kundipatsa seftiriyakisoni, magalamu awiri kamodzi pa tsiku, kudzera m'kanyula, kachubu kamene abaya pa mtsempha wa dzanja. Foliki asidi ndi hayidirokisiyureya ndipitirize monga kale. Mwendo usaponde pansi.

Ndinafunsa kuti ndikhala masiku angati.

"Masiku?" anatero. "Ba Gwendolyn, fupa silimvera masiku. Tikamba mawiki. Folo, kapena sikisi."

Masabata anayi akutha pa 17 Okutobala, asanu ndi limodzi pa 31. Komiti ya kusukulu ikumana pa 22.

Lachisanu, 20 Sepitembala

Andiwonjezera magazi, paketi imodzi. Mutu wapepukako, ndiye ndilembe chimene chikundidya. Mwina chikakhala papepala chichepa.

Ndili m'chaka chomaliza cha digiri yachiwiri ku yunivesite ku Lusaka. Ntchito yanga ndi zigoba za makirefishi, nkhanu zija zadzaza mumtsinje wa Kafue. Zigobazo timaziviika mu asidi kuti laimu wake achoke, kenako timaziphika mu soda wamphamvu. Chotsala ndi ufa woyera wotchedwa kayitosani. Ufawu ukasungunuka m'madzi owawasa pang'ono umakhala ndi mphamvu ya pulasi, ngati mbali imodzi ya batire. DNA ili ndi ya mainasi. Zikakumana zimagwirana, ulusi wautali wa DNA n'kukulungika kukhala kampira kakang'ono zedi kotha kulowa m'selo. Ofuna kuchiza matenda obadwa nawo pokonza majini, malangizo a chibadwa okhala mu DNA, amafunika chonyamulira chotere. Gawo langa ndi laling'ono, ndipo lili kutali kwambiri ndi bedi la wodwala. Sindidzinamiza kuti lidzachiza ine.

Zigoba amandikonzera ndi amayi kunyumba kuno ku Kafue, poti pakati pa sabata ndimakhala ku Lusaka. Ndinawapatsa malamulo: kutsuka ndi madzi a pampopi okha, kuyanika pamthunzi masiku atatu, basi.

Ndapanga mabotolo asanu ndi atatu a ufa. Botolo lachinayi, la Okutobala chaka chatha, linachita zodabwitsa. Ufa wochepa unagwira DNA yonse, timipira tinali tating'ono ndi tofanana, ndipo nthawi yomasula itakwana tinamasula. Ndinakondwa, ndinakaonetsa pa msonkhano anthu n'kuwomba m'manja. Ufawo unatha. Kuchokera pamenepo ndatsata njira yomweyo kanayi, kanayi konse zakanika. Zimatuluka zibuluma zogwira DNA osaitaya.

Dokotala Mweetwa, amene akuyang'anira kafukufuku wanga, sananene kuti ndinanama. Anangolemba kuti komiti ikufuna kuona zotsatirazo zitabwerezedwa pofika pa 22 Okutobala, apo ayi nkhaniyi ipita kwa ofufuza za chinyengo ndipo maphunziro anga aimitsidwa. Kalatayo ndaiwerenga moti ndikutha kuinena pamtima.

Ine ndili pano, mwendo pa pilo.

Lamulungu, 22 Sepitembala

Kutentha 38.2. Mofini amuchepetsa.

Itatha Misa kwabwera amayi anayi a kumphakati kwathu. Abweretsa nshima, ndiwo za chibwabwa chotendera ndi botolo la munkoyo. Apemphera motsitsa mawu. Pa bedi 8 pali Purity, mtsikana amene anamuchita opaleshoni ya m'mimba, ndipo anzake a kutchalitchi chake amapemphera mokweza. Magulu awiriwa anayamba nthawi imodzi. A kwathu anamaliza msanga n'kumadikira ena aja maso ali pansi, kenako onse anagawana munkoyo.

Pa bedi 6 pali ba Dainess, ogulitsa nsomba kumsika. Shuga inawatsegula bala kuphazi. Akhala muno mwezi wathunthu ndipo wodi yonse amaidziwa ngati benchi lawo.

"Imwe, mulemba chani masiku onse?" andifunsa. "Mutilemba ise? Ndimwe ba polisi?"

Ndawauza kuti ndimaphunzira za makirefishi. Aseka mpaka namwino wasuzumira pakhomo.

"Vija vamene vidya nsomba mu maneti? Munthu ayenda mpaka ku Lusaka chifukwa cha vija? Nikanaziba, sembe nili profesa kudala!"

Kuyambira pamenepo akunditcha ba Profesa.

Lachiwiri, 24 Sepitembala

Kanyula yatsekeka, dzanja latupa. Abaya ina, yachitatu. Mitsempha yanga imathawa.

Zotsatira za magazi zabwera: salimonela. Akuti ndi kawirikawiri kwa ife a siko selo, ndipo mankhwala amene ndikulandira ndi oyenera. Awonjezera jakisoni wa heparini pamimba kuti magazi asaundane, poti sindikuyenda. Ku labu ndimathira heparini kuti ilande DNA kwa kayitosani, poyesa ngati timipira timasula. Sindinkadziwa kuti imaluma chonchi.

Pazenera ndimaona khoma la kochapira zovala, ndi kachidutswa ka thambo pamwamba pake. Sitima ikamalira ku siteshoni ndimaiwerengera mabogi m'mutu, osawaona.

Lachinayi, 26 Sepitembala

Aimba ba Lastone, amene amasamala labu yathu. Agwira pamenepo zaka makumi awiri. Ndinasiya botolo lachisanu ndi chinayi litatsala pang'ono kutha, ndipo iwo alimaliza n'kuliyesa pa jelo.

Kuyesako kuli chonchi: timathira DNA m'timaenje ta m'mphepete mwa jelo n'kuyatsa magetsi. DNA yomasuka imathamanga, imaoneka ngati mzere wowala chapansi. Yogwidwa imatsala m'dzenje. Chabwino ndi chakuti itsale m'dzenje poyamba, ndipo tikathira heparini ituluke.

"Ba Gwen, yagwira," anatero. "Koma yagwira monga nkhupakupa. Nathirako heparini kawiri, siitaya."

Kachisanu tsopano.

Ndakhala ndikubwerera ku tsiku lija la chaka chatha. Ndinali nditangodzuka kumene pa matenda. Kodi ndinasinthanitsa machubu? Kodi ndinalemba nambala ya wina pa chithunzi changa? Ndikukumbukira bwino kuti ayi, koma ndikakumbukira kambiri chikumbumtimacho chimayamba kuoneka ngati chopeka. Kodi munthu angathe kunama iye mwini osadziwa?

Sindinadye. Amayi anabwerera nayo mbale.

Loweruka, 28 Sepitembala

Kutentha 37.6. Magazi 7.9. Tsiku lachikhumi la jakisoni wa m'kanyula.

M'mawa amayi amandipukuta msana, ba Dainess n'kuyamba mafunso awo.

"Ba Profesa, simudya, simuseka. Vuto ili pati? Kambani mu chinyanja, osati vizungu."

Ndinayesa. Ndinati DNA ndi chingwe chachitali chimene sichingalowe pa khomo la selo chili chotambasuka. Pafunika kuchikulunga n'kuchimanga, koma chikalowa chimasuke kuti chigwire ntchito.

"Aa, ni neti iyo," anatero. "Ukaimanga mofooka, igwa mu njira. Ukaimangisa maningi, wafika pamadzi uyamba kulimbana na mfundo, anzako agwira nsomba."

Miyezi khumi ndi isanu ndi itatu ndakhala ndikufuna chiganizo chimenecho.

"Manje iyo namba folo yamene mulira nayo pa foni, ndiye inaonongeka?"

"Iyayi. Namba folo ndiyo yabwino yokha. Zinazo ndizo zoipa."

Amayi anali akufinya kansalu m'beseni. Analeka.

"Wati yabwino ndi iti?"

"Yachinayi, amayi."

"Si paja chaka chonse umati vuto lili pa nambala folo?"

"Eya, chifukwa ndikulephera kuibwereza. Akuganiza kuti ndinapeka."

Ananyamula beseni kukataya madzi. Kotayira madzi ndi kuseri kwa chitseko, koma anatha pafupifupi ola. Pobwera maso anali ofiira. Ndinafunsa, anati ndi fungo la mankhwala okolopera.

Lamulungu, 29 Sepitembala

Ndilemba monga zachitikira.

Amayi abwera kuchokera ku Misa atavala chitenje cha mpingo. Sanamasule zakudya. Anakhala pa mpando manja ali pa maondo, monga amakhalira pa maliro.

"Gwendo, ndili ndi mawu. Usandidule."

Sabata lija la Okutobala chaka chatha, mapemphero a mphakati anali kwathu. Zigoba zinali pakhonde, zikununkha, ntchentche zili ng'aa. Anachita manyazi. Anatenga phulusa la zitsononkho zochokera kumunda kwa achemwali awo ku Shimabala, nadontheza chidulo m'chitini choboola, monga amachitira pophika therere. Anaviikamo zigobazo masiku awiri, fungo linatha. Anazitsukuluza n'kuziponya padenga la malata kuti alendo asazione. Ine ndinadwala ku Lusaka, sindinabwere Loweruka limenelo. Zinakhala padenga masiku khumi, pa dzuwa la Okutobala.

"Utayamba kunena za vuto la nambala folo ndinadziwa kuti ndakuonongera sukulu. Kuchokera pamenepo ndinkachita monga unanenera, madzi okha, pamthunzi, masiku atatu. Ndinkawerenga ndi maola omwe. Ndinakalapa kwa bambo mfumu."

"Munakalapa za makirefishi?"

"Anati ndikuuze. Ndinaopa. Unanena wekha kuti izi si za kukhitchini."

Ndinanenadi. Ndikukumbukira ndi mmene ndinaimira ponena, chikwama chili paphewa.

Ndinatembenuza kope ili n'kutsegula mbali ya ku labu. Pa 21 Okutobala chaka chatha ndinalemba ndi dzanja langa: "Zigoba zoyera kuposa zina, zosavuta kuphwanya. Mwina ndi nyengo." Ndinaona, ndinalemba, koma sindinafunse munthu amene anazikonza. Tinkadya m'mbale imodzi.

Mkwiyo unabwera, koma sunadziwe kolowera. Kenako ndinayamba kuseka, mwendo n'kumapweteka, misozi n'kumatuluka. Amayi anaganiza kuti ululu wayambanso, anafuna kuitana namwino.

Ba Dainess anamva zonse, poti muno mulibe chinsinsi.

"Amake Gwen," anatero, "kansi ba Profesa ndimwe. Uyu ni kondakita chabe."

Lolemba, 30 Sepitembala

Ndisathamange. Sindikudziwa ngati chinathandiza ndi chidulo, kapena dzuwa, kapena zonse, kapena palibe. Chimene ndikuganiza ndi ichi: kayitosani nayenso ndi chingwe. Chikakhala chachitali chimazenga DNA kambirimbiri osaitaya. Mwina chidulo chinachotsa zotsalira za nyama msanga, dzuwa n'kudula zingwezo kukhala zazifupi. Mwina.

Pafunika mabeseni anayi. Loyamba: madzi okha, pamthunzi. Lachiwiri: chidulo, pamthunzi. Lachitatu: madzi okha, padenga. Lachinayi: chidulo ndi denga. Kuviika masiku awiri, kuyanika khumi, ku labu asanu, jelo tsiku limodzi. Kuwonjezera Loweruka ndi Lamulungu lomaliza, pamene labu imatseka, zikuthera pa 21. Palibe tsiku lopuma.

Ba Dainess aimbira mng'ono wawo Doreen, amene amadziwana ndi owiritsa makirefishi kumlatho. Akuti thumba la zigoba lifika kunyumba mawa m'mawa.

Ba Lastone nditawafotokozera pa foni anati, "So mufuna nilembe chidulo mu buku ya labu?" Ndinati eya. Anati amayi awo ankadontheza cha makoko a nyemba, ndipo akufuna aone.

Kwa Dokotala Mweetwa ndalemba uthenga wautali. Ayankha mawu awiri: "Tione zotsatira."

Vuto ndi lakuti amayi sangakhale kuwiri. Akakhala ndi zigoba, ine ndilibe wondinyamulira beseni. Iwo amakana. Ndawauza kuti apite.

Lachinayi, 3 Okutobala

Zigoba zakwera padenga lero 9 koloko.

Amayi amabwera m'mawa kwambiri ndi madzulo okha. Masana amayi ake a Purity ndiwo akundithandiza kupita kuchimbudzi pa njinga ya odwala. Sitinadziwane kale. Amandigwira m'khwapa n'kumati, "Osachita manyazi, mwana wanga, tonse tili na matupi."

Kunja kukutentha. Aka n'koyamba kukondwera ndi dzuwa la Okutobala.

Loweruka, 5 Okutobala

38.9. Kuzizidwa. Mwendo watupanso.

Lolemba, 7 Okutobala

Ku fiyeta, kochitira opaleshoni. Ang'amba, achotsa mafinya, asiya kachubu kotulutsa madzi.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndadzuka bwinoko. 37.8. Magazi atsikanso, 6.9, andiwonjezera paketi ina. Bala akutsuka kawiri pa tsiku. Potsuka ndimaluma chitenje.

Purity anatuluka dzulo. Amayi ake abwerabe masana ano, akuti anazolowera njira.

Ndimaganiza za zimene zimachitika m'magazi mwanga. Mpweya ukachepa, mapuloteni a m'maselo ofiira amalumikizana kukhala timitengo tolimba, selo n'kupindika ngati chikwakwa, n'kutsekereza njira. Nazonso ndi zingwe zogwirana mopitirira. Ndinasankha kafukufuku uyu ndikunena kuti n'chifukwa chakuti zigoba n'zosavuta kupeza. Sizinali zoona zonse.

Lachinayi, 10 Okutobala

Cha m'ma 2 koloko kachidutswa kanga ka thambo kanada. Mphepo, fumbi, kenako madontho pagalasi. Ndinaimbira amayi kasanu osayankha. Ndinakhala tsonga, dzanja lili pa chitsulo cha bedi, ngati ndingathe kupita kwina. Kunyumba ndi mphindi khumi ndi zisanu poyenda pansi. Ndikanatha kuona denga lathu khoma ili likanapanda kukhalapo.

Anaimba okha mvula itadutsa, akupuma mofulumira.

"Ndinali pa makwerero. Ndaziphimba ndi mabeseni, sizinanyowe. Ndavundukula. Lemba kuti zinakhala mumthunzi mphindi makumi awiri ndi zisanu."

"Amayi, muli ndi zaka 61. Bwanji osaitana a neba?"

"Akanasakaniza. Walemba?"

Ndalemba.

Loweruka, 12 Okutobala

Ba Dainess awatumiza ku Lusaka. Zala ziwiri za kuphazi zada, akuti azidula. Anamva nkhaniyi akudya, anamaliza kudya kaye. Powakweza pa machira anati kwa namwino, "Vala viwiri chabe? Nizatsala na eyiti, vikwana kuimilira pa msika."

Kwa ine anati, "Ba kondakita, muniuze ngati neti yamasuka." Analemba nambala yawo pachikuto cha kope ili.

Bedi 6 alichotsa nsalu. Wodi yakhala chete moti ndikumva diripi ya munthu wa kutsidya.

Lolemba, 14 Okutobala

Achotsa kachubu ka pabala. Kanyula yachisanu ndi chiwiri, tsopano pa mkono wa kumanja, ndiye ndikulemba mopendekera.

Ndinati matumba anayi a zigoba apatsidwe kwa kondakita wa minibasi, ba Lastone akalandire ku Lusaka. Amayi anakana. Akwera okha m'mawa, matumba ali pamiyendo, lililonse lomangidwa ndi kansalu ka mtundu wake kuwonjezera pa manambala amene ndinawalembera. Atenganso botolo la chidulo ndi phulusa lotsala.

Zaka ziwiri ndili pa labu imeneyo, sindinawaitanepo. Abwera madzulo akununkha fumbi la mumsewu.

"Ndaonako kuntchito kwako. Anandiveka chijasi choyera. A Lastone ndi munthu waulemu. Koma mapoto anu ndi aang'ono."

Lachinayi, 17 Okutobala

Masabata anayi akwana. Muyeso wa kutupa m'magazi watsika kuchoka pa 160 kufika pa 48, koma akufuna utsike kuposa apo. Masabata ena awiri.

Ndinapempha Dokotala Hamoonga kuti andilole tsiku limodzi lokha, Lachiwiri, ndikaime pamaso pa komiti ndibwerenso. Ndinali nditakonza mawu anga bwinobwino.

"Mu minibasi? Na fupa yamene tinaboola sabata yatha? Mukagwa pa siteshoni izathyoka, ndiye tizakamba miyezi. Awe, ba Gwendolyn."

Ndinati ndikhoza kusaina kuti ndatuluka mwa kufuna kwanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati pepalalo lilipo, koma aitane kaye amayi anga ndiwauze ndekha. Sindinasaine.

Anthu amene sanandionepo ndikugwira ntchito adzaweruza ngati ndili woona, ine ndili chigonere ndi chovala chotseguka kumbuyo.

Loweruka, 19 Okutobala

Ku labu magetsi anazima maola ambiri dzulo, uvuni woumitsira ufa sunagwire ntchito. Ba Lastone apita ku labu lero, tsiku lawo lopuma. Akuti ufa wa thumba lachinayi wasungunuka msanga kuposa wina, madzi ake ndi opepuka, osanandira. Zingwe zazifupi zimatero. Ndawapempha kuti asandiuze zondilimbitsa mtima. Anati, "Ine nikamba vamene naona."

Lolemba, 21 Okutobala

Kuyambira m'mawa foni ili pachifuwa. Jakisoni wa 10 koloko, kutsuka bala, phala, kudikira.

Chithunzi chafika 3:40 masana.

Thumba loyamba, madzi ndi mthunzi: DNA yatsala m'dzenje, heparini kapena ayi. Monga kale. Lachiwiri, chidulo chokha: chimodzimodzi. Lachitatu, dzuwa lokha: kamzere kofooka, kongooneka pang'ono. Lachinayi: popanda heparini dzenje likuwala, pansi palibe kanthu. Pothira heparini, mzere wowala, wathunthu, chapansi pomwe uyenera kukhala.

Ndinakulitsa chithunzi, ndinachepetsa, ndinazimitsa foni n'kuyatsanso. Kenako ndinaitana namwino amene amadutsa ndi thireyi.

"Sisita, pepani. Apa mukuona mzere?"

"Uwu? Ehe, ulipo. Ni ekisire ya ndani?"

Ba Lastone atumizanso kukula kwa timipira: ta thumba lachinayi ndi mananomita 180, muyeso wa tinthu tosaoneka ndi maso. Ta chaka chatha tinali 160. Ta matumba ena onse tapitirira 500.

Amayi atabwera ndinawaonetsa. Anavala magalasi, anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kamzere aka ndi kamene takhala tikuvutikira?"

"Komweko."

"Sindinakuonongere?"

"Ayi, amayi."

Anavula magalasi, anawapukuta ndi chitenje, anawavalanso. Kenako anandikalipira kuti sindinamalize phala.

Lachiwiri, 22 Okutobala

37.1. Tsiku la 34 la seftiriyakisoni.

Komiti inavomera kundimva pa foni. Sisita wamkulu anakoka makatani kuzungulira bedi langa, anapempha mayi watsopano wa pa bedi 6 kuti azimitse wailesi. Amayi anandimanga duku, ngakhale kuti palibe akanandiona.

Anafunsa kwa mphindi makumi anayi. Ndinanena zonse, ndi za mapemphero a mphakati zomwe. Wina anafunsa chifukwa chake sitepe imeneyi sinalembedwe m'buku. Ndinati chifukwa sindinafunse. Sindinawonjezerepo kanthu.

Chigamulo: nkhani sipita kwa ofufuza za chinyengo. Chithunzi chimodzi si umboni wokwanira, choncho ndibwereze katatu, ndiyeze kutalika kwa zingwe ndi mphamvu ya chidulo. Andiwonjezera miyezi itatu. M'kaundula mulembedwa kuti zolemba zanga zoyamba zinali zoperewera. Zimenezo n'zoona, ndipo zikhala pa dzina langa.

Pomaliza Dokotala Mweetwa anati, "Gwendolyn, tifunika muyeso. Phulusa lochuluka bwanji pa lita imodzi ya madzi?"

Ndinaphimba foni ndi dzanja n'kufunsa amayi.

"Lokwanira," anatero. "Ukalawa chizikuluma lilime, koma osati kwambiri."

Ndinabwereza mawuwo monga analili. Kenako ndinamva ba Lastone akuseka chapatali, ena n'kutsatira. Dokotala Mweetwa anati ayamba ndi kuyeza chidulo chimene chili m'botolo muja, ndipo ngati amayi anga, mayi Magdalena, angalole, adzabwerenso adzadontheze china pamaso pawo.

"Auze kuti Lachinayi sindingathe," anatero amayi. "Kuli mphakati."

Ndatumiza uthenga kwa ba Dainess: neti yamasuka. Ayankha Doreen kuti opaleshoni inayenda bwino, ndipo akulongolola kale.

Makatani atsegula. Khoma lija lili pomwepo. Kwatsala masiku asanu ndi anayi ngati muyeso utsika, ndipo kanyula iyi yayamba kuwawa, mawa abaya ina.

Pakati pa zolemba za matenda ndi za ku labu patsala masamba oyera asanu ndi limodzi. Tsopano nditembenuza kope. Pansi pa mawu aja akuti "mwina ndi nyengo" pali malo okwanira kulembapo njira ya amayi. Amayi akokera mpando pafupi, akuti ndiyambe ndi chitini: chibooledwe ndi msomali, osati mpeni, ndipo ndilembe pang'onopang'ono kuti aziona ngati sindikulakwitsa.